Timapilitsi Tisanu M'takisi ya ku Clermont

Ku Ntcheu kuli bambo wina wokalamba amene lero akugona m'kanyumba ka mlongo wake, kutali ndi mkazi wake, ana ake ndi makina ake osokera, ndipo chimene chinamufikitsa kumeneko ndi mphuno yanga. Nkhaniyi ndikamaifotokoza anthu amayamba ndi kuseka, ine ndimawalola, chifukwa koyambirira kwake n'koseketsadi. Chakumapeto amasiya okha.

Ndinafika ku Durban m'chaka cha 2012, n'kupeza ntchito ya m'gadeni ku Amanzimtoti, kwa mayi wina wachizungu wamasiye amene tonse tinkangomuti madamu. Kogona ndinapeza ku Clermont, kachipinda ka kuseri pabwalo la bambo wina wotchedwa Bab' Maseko. Mnzanga amene anandilandira ananditsina khutu tsiku loyamba lomwe: ukafunsidwa kwanu uzinena kuti ndiwe wa ku Venda, kumpoto kwa dziko lomwe lino, chifukwa kuno Chivenda sachidziwa, palibe amene adzakuyese. Basi ine mwana wa ku Phalombe ndinasanduka Mvenda. M'Chivenda monsemo ndinkadziwamo liwu limodzi la moni, loti "ndaa", ndipo ndinalisunga bwino ngati malaya a kutchalitchi.

Kubisa mtundu ndi ntchito yolemetsa kuposa kutchetcha kapinga. Foni ndinkaizimitsa ndisanakwere takisi, chifukwa mayi a kunyumba, amake Tamanda, akaimba amalankhula ngati ali tsidya lina la mtsinje. M'sitolo sindinkafunsa funso. Wogulitsa anene zotani, yankho langa linali "yebo", eya wa Chizulu, akapitiriza ndimati "shapu", n'kunyamula katundu wanga. Koma lamulo lalikulu kuposa onse linali loti ndisagone pagulu. Ine ndimabwebweta kutulo. Ndi chibadwa changa, ndipo si kung'ung'udza chabe ayi, ndimalankhula zomveka, mawu onse okwanira. (Amake Tamanda amati tsiku lina ndinaweruza mlandu wonse wa malire a munda ndili m'tulo, mpaka kupereka chigamulo.) Choncho m'chipinda mwanga ndinkagona wailesi ili chiyatsire pa siteshoni ya Chizulu kuti izindiphimba, ndipo m'takisi maso anga ankakhala tong'o ngakhale nditatopa bwanji.

Munthu amene ndinkamuopa kwambiri mu Clermont monse anali mwininyumba wangayo. Bab' Maseko anali telala, wamtali, ndevu zoyera, tepi ili m'khosi tsiku lonse, makina ali pakhonde. Chizulu chawo chinali chozama moti anthu a mumsewu mwathu ankabwera kudzawafunsa za mwambo wa malowolo. Madzulo ankaima pageti ndi anzawo n'kumadandaula mokweza kuti makwerekwere achuluka m'dziko muno (dzina limenelo ndi lathu ife alendo, ndipo si la chikondi). Ine ndikamadutsa ndinkati "ndaa" motsitsa, iwo n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Tsiku lina atandisokera buluku anandiuza m'Chizulu kuti, "Avenda inu mumang'amba mabuluku ngati anthu opalasa njinga." Ndinaseka nawo, n'kunyamula buluku langa msangamsanga.

Kenaka unafika mwezi wa Epulo 2015. Amene analipo akudziwa, amene kunalibe anamva. Masitolo a alendo ankathyoledwa, anthu ankatulutsidwa m'nyumba ndi zibonga, ena anathawira m'matenti amene anakhomedwa pa mabwalo a mpira. Madamu anandiimbira kuti ngati kwaipa ndisabwere. Koma ine ndinaganiza mwanzeru zanga: Mvenda athawiranji? Munthu wodzitsekera m'chipinda Lachiwiri masana anzake ali kuntchito ndiye kuti ali ndi chifukwa. Ndinavala ovolosi yanga n'kupita.

Tsiku limenelo ndinatchetcha udzu wautali wa kuseri kwa mpanda, umene unali utauma ndi kuchita fumbi. Thupi langa limadana ndi udzu wa mtundu umenewu kuyambira kale, koma nthawi zambiri ndikasamba zimatha. Ulendo uno zinakana. Ndinayetsemula mpaka galu wa madamu anakabisala pansi pa galimoto. Maso anafiira n'kumatuluka misozi, mamina osaleka, m'khosi ndi m'mikono munatuluka ziwengo zoyabwa ngati ndadutsa m'chitedze. Ndiye taganizani: munthu amene moyo wake wonse wagona pa kusaonedwa, akakwere takisi akuyetsemula kakhumi pa mphindi imodzi. Anthu atembenuka, wina anena kanthu, ine ndiyenera kuyankha. Ndinaona kuti mphunoyi indigulitsa.

Nditaweruka cha m'ma 1 koloko ndinalowa m'sitolo ya mankhwala pafupi ndi pokwerera. Ndinaloza mphuno, ndinaloza ziwengo, mtsikana wogulitsayo anamvetsa n'kutulutsa kapaketi ka timapilitsi tachikasu. Anayamba kundifotokozera m'Chizulu chothamanga, anaimika chala chimodzi, anapendeketsa mutu n'kuugoneka padzanja, anabwerezanso m'Chingerezi. Mwana wa eni anagwira ntchito yake bwino lomwe, mlandu alibe. Ndinamva ndithu kuti akuti kamodzi basi, ndipo ndinaona kuti pali nkhani ya kugona. Funso linafika pakamwa loti kodi kugonako n'kotani. Koma kumbuyo kwanga kunaima azibambo atatu a maovolosi, chete, akumvetsera. Ndinati, "Yebo. Shapu." Safunsa anadya phula, ine ndinadya la chikasu.

Panja nditatsegula paketiyo ndinakhumudwa. Kapilitsi kake kanali kochepa ngati kanjere ka mphodza. Ife tinakula ndi fansida, atatu nthawi imodzi, akuluakulu, omeza ukutukumula maso. Kwathu jakisoni wabwino ndi amene wakupweteka mpaka kutsimphina, ndipo mankhwala osawawa, osanunkha, timati ndi a ana. Ndinadziyang'ana ine, bambo wonyamula wilibala yodzaza miyala, n'kuyang'ana kanjereko. Ndinati mtsikana uja wandiyesa wa ku ofesi. Ndinameza titatu pa mpopi wa pokwerera.

Takisi yoyamba, yopita m'tauni, itayenda pang'ono ndinayetsemulanso kawiri, mayi wina n'kutembenuka. Ndinaona kuti mankhwala achepa mphamvu monga ndinkaganizira. (Sindinkadziwa kuti mankhwala amafuna nthawi kuti asungunuke. Ndinkafuna agwire ntchito ali pakhosi.) Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato n'kumeza tiwiri tina ndi malovu. Tonse pamodzi tinakwana tisanu.

Pofika m'tauni mphuno inali itauma gwa, kuyabwa kutatha, ndipo ndinadzitamanda kuti udokotala ndinauphonya. Koma poyenda kuchoka pomwe tinatsikira kupita pokwerera za ku Clermont ndinamva zachilendo. Miyendo inkalemera ngati ndikuponda m'matope a kudambo. M'kamwa munauma, lilime linakula. Phokoso la m'tauni linkamveka patali, ngati lili m'nyumba ya eni ake. M'misewu munali apolisi ambiri, masitolo ena otseka, ndipo ndikukumbuka kuti ndinaona zonsezo koma mantha sanabwere. Zimenezo zokha zikanandichenjeza, chifukwa mantha anga sanajombepo ntchito zaka zitatu zonse.

M'takisi ya ku Clermont ndinapeza Bab' Maseko atakhala kale, atafungatira mpukutu wa nsalu ya yunifomu imene anadzagula. Ndinawapatsa moni, anagwedeza mutu, ndinakhala mpando wa kutsogolo kwawo, pambali pa bambo wina wojintcha wa chipewa chaubweya. Masiku onse takisi za kumeneko zimaimba nyimbo mpaka mipando kunjenjemera. Tsiku limenelo dalaivala anatsegula nkhani, anamvera pang'ono za zipolowe, n'kuzimitsa. Tinanyamuka anthu khumi ndi asanu tili zii. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo changa chinadza wailesi itazimitsidwa.

Ndinalimbana nato tulo, Mulungu ndi mboni. Ndinadzitsina pantchafu. Ndinaluma lilime. Ndinatulutsa kiyi wa chipinda n'kumadzibaya naye pachikhatho. Ndinayesa kuwerenga zikwangwani za mumsewu koma zilembo zinkasambira. Tulo ta kutopa ndimatidziwa, timabwera mwaulemu, umatha kutiuza kuti dikira tikafike. Iti tinali tina. Zinali ngati munthu akuyenda m'mutu mwanga akuzimitsa magetsi chipinda ndi chipinda, osafunsa ngati muli anthu. Chomaliza chimene ndikukumbuka ndi mlatho wa pa msewu waukulu, ndi phewa la bambo wa chipewa uja likuyandikira tsaya langa.

Ndinalota ndili kwathu. Kunali m'mawa, nandolo atachita maluwa, ndipo mbuzi za a Nachisale oyandikana nafe zinali zitaboola mpanda.

Zotsatirazi zambiri ndinachita kuuzidwa ndi Bab' Maseko, zina ndimazikumbuka mwa apo ndi apo. Akuti ndinayamba ndi kuliza mkonono paphewa la munthuyo, anthu n'kuseka pang'ono. Kenaka ndinadzutsa mutu, maso ali chitsekere, n'kunena ndi mawu a bambo wa pakhomo pake:

"Amake Tamanda, mbuzi zalowanso m'munda. Ndinanena ine kuti mpanda uwu ngwachabe. Tengani mtengo, thamangirani kumusi uko."

Akuti m'takisi monse munachita ngati mwathiridwa madzi. Ine osadziwa kanthu ndinapitiriza. Ndinaitana a Nachisale, ndinawafotokozera mbiri ya mbuzi zawo kuyambira chaka cha njala, ndinalumbira kuti ulendo uno yamangamangayo ndiipha.

Wa chipewa uja anandigwedeza. "Ukhulumani wena?" Ndiye kuti, ukulankhula chiyani iwe.

"Ndisiyeni ndigone, inu," ndinamuyankha, m'Chichewa chosalala.

Bab' Maseko anayesa kundiphimba. Analankhula m'Chizulu chawo chija, modekha, kuti munthuyu amakhala pakhomo pawo, ndi Mvenda, waledzera, amusiye. Koma kumbuyo kunali bambo wina amene anagwirapo ntchito ku Thohoyandou, kwawo kwa Avenda, ndipo anati Chivenda amachidziwa, icho si Chivenda. Wina anati ndi Chimalawi, anachimvapo kwa ogulitsa m'misewu. Liwu lija la kwerekwere linayamba kuyenda mpando ndi mpando. Wa chipewa anatulutsa foni n'kuuza munthu wina kuti adikire pa siteji ya pafupi ndi sitolo yowotchedwa, akubweretsa mlendo.

Apa ndipamene ndimakumbukira pang'ono. Ndinatsegula maso n'kuona nkhope zambiri zitanditembenukira. Ndinadziwa kuti pali choipa, koma kudziwako kunali kutali, ngati nkhani ya munthu wina. Ndinafufuza Chizulu m'mutu mwanga, munalibe. Ndinafufuza Chingerezi, munalibe. Ngakhale "ndaa" wanga uja anali atathawa. Zikope zinayambanso kutsika.

Dalaivala, bambo wachikulire amene sindidzamudziwa dzina, anapatutsa galimoto tisanalowe mu Clermont, pafupi ndi mafakitale. Anati m'galimoto yake simufera munthu, mlendoyo atsike pompano, msanga, asanafike pa siteji. Chitseko chinatsegulidwa. Chimene chinatsala chinali chakuti ine ndiimirire ndi kuyenda masitepe atatu, koma ndinangokhala, mutu uli lende. Wa chipewa anati ngati satsika yekha ndiye tipite naye. Bab' Maseko anandiuza m'Chizulu kuti ndidzuke. Sindinamve. Anandiuza m'Chingerezi. Ndinamwetulira, akuti, n'kutsamiranso paphewa la mdani wanga. Dalaivala anayamba kuponda mafuta.

Kenaka kumbuyo kwa khutu langa kunamveka mawu amene sindidzawaiwala mpaka m'manda:

"Mwanawe, dzuka. Ufa pano. Imirira, tuluka, usacheuke."

Chinali Chichewa. Chichewa chakale, cholemera, cha ku Ntcheu, chotuluka movutikira ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa zaka zambiri. Chinadutsa m'mankhwala monse muja n'kukandipeza kumunda kwa nandolo. Ndinayankha kuti, "Chabwino, bambo," n'kuimirira ngati mwana wotumidwa.

Wa chipewa anandiwomba khofi potuluka (ndinalimva tsiku lotsatira, pamene tsaya linatupa). Koma anthu ena onse anali atasiya kuyang'ana ine. Ankayang'ana Bab' Maseko. Pampando wa pakhomo panali mayi wina wa mumsewu mwathu, wopemphera limodzi ndi mkazi wawo, amene ana ake onse anavala yunifomu yosokedwa ndi iwo. Anagwira pakamwa n'kunena motsitsa, "Hawu, Baba. Nawe?" Nanunso, bambo.

Bab' Maseko anatsika pambuyo panga, anandikoleka dzanja paphewa lawo, takisi n'kupita ndi nsalu yawo ya yunifomu.

Anandikoka mpaka kupolisi ya ku Pinetown, bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi kunyamula chimunthu chonga ine. Kumeneko ndinagona pabenchi mpaka m'mawa, tulo tabwino kwambiri timene ndinagonapo m'dziko la eni. Ndikuchita manyazi kunena zimenezi koma ndi zoona. Pamene ine ndinkapuma mwamtendere chotero, nkhani inali itafika kale mumsewu mwathu. Anthu analowa pabwalo, anaswa mawindo, ananyamula makina osokera. Mkazi wawo sanamukhudze, poti ndi mwana wa komweko. Iye ankadziwa chinsinsi cha mwamuna wake kuyambira asanakwatirane. Ana awo atatu sankadziwa.

Kutacha apolisi anatitengera kumatenti. Kumeneko kunali nesi wina wochokera ku Chipata, wolankhula Chinyanja, amene ataona mmene ndinkayendera anandifunsa chomwe ndamwa. Ndinamuonetsa paketi.

"Munamwa tingati?"

"Tisanu, asisitala."

"Pa masiku angati?"

"Pa takisi imodzi."

Anandikhazika pa kreti. Anati m'thupi muli kanthu kotchedwa histamini. Thupi likakumana ndi chinthu chimene limadana nacho, monga fumbi la udzu, limatulutsa histaminiyo wambiri, ndipo ndi amene amabweretsa kuyabwa, kutupa, misozi ndi mamina. Timapilitsi tachikasuto ntchito yake ndi kumutsekera njira. Koma histamini yemweyo amapangidwanso mu ubongo, ndipo kumeneko ntchito yake ndi ina: ndi mmodzi wa amene amagwira munthu kuti akhale maso, atchere khutu, adziwe pamene ali. Mankhwala a mtundu wakalewa samangokhala pamphuno, amawolokera mpaka mu ubongo n'kukamutsekeranso kumeneko. Alipo ena atsopano amene salowa kwenikweni mu ubongo, ndipo ndikanangonena kuti ndili pa ulendo akanandipatsa amenewo.

"Inu munkafuna kutontholetsa galu wouwa pakhomo," anatero, "ndiye mwagoneka ndi mlonda yemwe. Ndipo muthokoze. Ochulukitsa chonchi ena amasokonezeka mutu, mtima umathamanga, ena amakomoka n'kugwedezeka. Sanakuuzeni kuti kamodzi, pogona?"

"Anandiuza."

"Nanga?"

"Tinali tating'ono, asisitala."

Sanaseke. Ndinamufunsanso chifukwa chimene Chizulu ndi Chingerezi zinandithawira koma Chichewa n'kutsala. Anati zimenezo sangazilongosole bwino, koma mwina mutu ukalemera umayamba kutaya zimene unatola ukulu, n'kugwiritsa za kubere.

Bab' Maseko ndinawapeza atakhala pa chidebe kuseri kwa tenti, tepi ikadali m'khosi. Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa koma onse anatuluka opunduka. Anandiletsa ndi dzanja.

"Khala pansi, anthu angaganize kuti ndine m'busa."

Anandiuza kuti kwawo ndi kwa Ganya. Anabwera ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi, mgodi utawataya anatsetserekera ku Durban, anaphunzira kusoka, anakwatira, n'kukhala mtchona. Dzina sanasinthe, poti a Maseko aliko ku Ntcheu, aliponso kuno. "Sindinanamizepo munthu," anatero. "Ndinangosiya kufotokoza." Zonyoza alendo pageti zija anati inali mpanda wawo, chifukwa wokuwa kwambiri safunsidwa kwawo. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi.

"Nanga ine munandidziwa liti, bambo?"

"Tsiku unabwera. Unalandira kiyi ndi manja awiri, bondo litapindika. Mvenda wanji." Anapukusa mutu. "Ndipo wailesi yako ija sinkabisa kanthu. Khoma lako ndi la chipinda changa chosungira nsalu ndi limodzi. Zaka zitatu ndamva milandu yonse ya a Nachisale."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinati akanandichenjeza.

"Ndikanakuchenjeza ukanasiya," anatero. "Ndinkaika mpando pakhomapo. Chinali Chichewa chokhacho chimene ndinkamva."

Apa ndinalira, bambo wamkulu, pakati pa matenti, ndipo ulendo uno sunali udzu.

Tsiku lachitatu kunabwera mwana wawo wamkulu, woyendetsa galimoto ya katundu. Sanalowe. Anaima kuseri kwa waya n'kupatsira bambo ake chikwama cha zovala ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Analankhula pang'ono m'Chizulu, maso ali kumbali. Anati anzake akumutcha mwana wa kwerekwere, anati adzukulu sakupita kusukulu, anati anthu akuti akadzaonekanso pakhomopo nyumba ipsa. Anamaliza ndi kuti, "Baba, musabwerere kaye." Ine anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo sindimudandaula. Liwu lija loti "kaye" likugwirabe ntchito mpaka lero.

Mabasi opita ku Malawi atayamba kulembetsa anthu, Bab' Maseko analembetsa. Anati mapepala awo a kuno anapezeka m'njira yoti sangapirire mafunso, ndipo sangaotchetse nyumba ya adzukulu chifukwa cha ukalamba wawo. Ine madamu anabwera ndi galimoto kudzanditenga, n'kundipatsa kachipinda kuseri kwa galaja ku Amanzimtoti, kabwino kuposa ka ku Clermont, ka shawa ya madzi otentha. Muone mmene dziko limagawira. Wobwebweta anakwezedwa, womudzutsa anathamangitsidwa.

Ndinapempha madamu kuti tidikire mpaka basi inyamuke. Mkazi wa Bab' Maseko anabwera atavala za kutchalitchi, anawapatsa mkate ndi nkhuku yootcha, anakhala nawo pa chikwama, mapewa atagundana. Nthawi yokwera itakwana bambowo anandiitana.

"Timapilitsi tako tija tilipo?"

Ndinati tilipo, ndikufuna kukatitaya m'chimbudzi.

"Usataye. Undipatse. Akuti ulendowu ndi wa masiku atatu, ndipo msewu umenewu ndinaudutsa kamodzi ndili ndi tsitsi lakuda. Sindikufuna kuuona ukubwerera m'mbuyo."

Ndinathamanga kukafunsa nesi uja ngati n'zololeka kwa munthu wa msinkhu wawo, womwa kale mankhwala ena. (Kanali koyamba m'dziko limenelo kuti ndifunse za mankhwala asanamwedwe.) Anakana. Anati kwa okalamba timapilitsi timeneti timasokoneza mutu koposa, angadzuke pa malire osadziwa dzina lawo. Ndinabwerera n'kuwauza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga ankachitira pageti.

"Ndiye kuti iwe unagona ulendo wako, ine wanga ndiuone wonse."

"Ndi choncho, bambo."

Anagwedeza mutu, anakwera masitepe awiri, n'kutembenuka. "Nanga mbuzi zija, zinatuluka m'munda?"

Ndinati sindikudziwa, anandidzutsa ndisanazitulutse.

"Eya," anatero. "Ndinakudzutsa." Analowa, anakhala pawindo la mbali imene kunali mkazi wawo, ndipo basi inanyamuka maso awo ali chitsegulire.

Ndimawaimbira foni mwezi ndi mwezi. Chichewa chawo chafewa tsopano, koma akuti kumudzi ana amawatcha Mzulu. Mkazi wawo anapitako kamodzi. Adzukulu sanapiteko.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira ndikhoza kukuuzani zabwinobwino: kuchepa kwa pilitsi si kuchepa kwa mphamvu, wogulitsa mankhwala akaimika chala chimodzi ndiye kuti chimodzi, ndipo ukapanda kumva funsa. Zoyamba ziwirizo ndimazisunga. Udzu ukandiyamba ndimagula mtundu wosagonetsa uja, dzina lake nesi anandilembera pakapepala. Koma kapepalako ndimangokaika pa kauntala osatsegula pakamwa, ndipo mtsikana akayamba kufotokoza, kumbuyo kwanga kukaima anthu, ndimamva pakamwa panga pakunena pokha kuti, "Yebo. Shapu."